Chipinda Chimene Anabwereka Sabata Ziwiri

Mwana wanga wamwamuna ali ndi chipinda changa ndipo sanandibwezere. Anachibwereka zaka zitatu zapitazo, ati kwa sabata ziwiri zokha. Anafika ndi wailesi yakanema yakufa, nati, "Amayi, tandisungirani, ndikufuna munthu woikonza." Ine ndinavomera, mwana ndi mwana. M'mawa mwake anakhomapo loko wake, kiyi n'kuponya m'thumba.

Kuyambira pamenepo chipinda chakumbuyocho chinasanduka manda. Kunyumba yosanja kumene amakhala ndi mkazi wake, chinthu chikangotsokomola amagula china, chakufacho n'kubwera nacho kuno. Mlongo wake anam'patsa dzina loti Bwana Katoni, chifukwa sabwera chimanjamanja kudzandiona. Nthawi zonse katoni ili paphewa, koma osati yanga.

Ine ndimasoka mapilo. Ndimatola zigamba zotsala kwa matelala, kuzidula tizidutswa, kupakira, kusoka, kukagulitsa. Zaka makumi awiri ndadya zimene anthu ena asesa. Zigamba zomwezo ndi zimene zinam'lipirira sukulu mpaka anayamba kuvala tayi.

Tsono mlongo wakeyo anabwerera pakhomo mwamuna atam'thawa, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ndinam'patsa bedi langa, koma m'chipinda changa ndi momwe ndimasokera, ndipo fumbi la zigamba linkam'tsokomoletsa mpaka kugwira mimba ndi manja awiri. Anakoka matiresi n'kukayala pabalaza, pakati pa tebulo ndi chitseko. Aliyense wolowa ankayamba wam'dumpha miyendo.

Ndinamuimbira foni Bwana Katoni.

"Iwe, chipinda changa."

"Mwadzuka bwanji kaye, amayi?"

"Ndadzuka ndi chipinda chotseka. Ukufuna mlongo wako achirire pakhomo ngati mbuzi?"

"Loweruka ndibwera."

Panadutsa Loweruka, kenako lina, kenako lina. Loweruka lachinayi ndinatenga nyundo. Lokoyo naye anali wamakono, ndinangom'menya kawiri, phwa!

Mayo ine! Mawailesi akanema atatu. Firiji. Makina ochapira zovala. Maketulo amagetsi asanu, ofanana ngati ana a mimba imodzi. Simbi, mafani othyoka makosi, mafoni odzaza bokosi la nsapato, ndi zina zoti sindikudziwa n'komwe ntchito yake. Makatoni mpaka kudenga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusi wanga anagwera m'nyumba mwanga.

Ndinayamba ndaitana a Mawaya, bambo wachikulire amene amakonza mawailesi pakhonde la sitolo yapangodya. Ndinkati zokonzeka zikonzedwe, ndigulitse, malo apezeke. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, anatenga ketulo, kuitembenuza uku ndi uku.

"Palibe bawuti apa, mayi. Anamata. Ukatsegula ndiye kuti waswa."

"Nanga makina ochapirawo?"

"Chafa n'chaching'ono ngati chikhadabo. Koma kuti muchipeze, mtengo wake mukhoza kugula makina ena."

"Ndiye munthu amapangiranji chinthu chosatseguka?"

"Kuti mukagule china. Mukuganiza kuti ine ndawonda chifukwa chiyani?"

Anapukuta manja n'kumapita, osatenga ngakhale kawaya.

Ndiye ndinadikira a Sikelo, wogula zitsulo zakutha, amene amadutsa mumsewu wathu akukankha ngolo, sikelo italendewera pachogwirira. Anaima pakhomo la chipindacho, kuyang'ana pansi, kuyang'ana kudenga, kuimba kamluzu.

"Mayi, tipange chonchi. Ndinyamula zonse, mpaka makatoni. Maulendo anayi. Dzuwa likamalowa mukhala mukukolopa. Inu osandipatsa kanthu, ine osakupatsani kanthu."

Ndinaseka mpaka kukhala pa katoni.

"Ulere? Achimwene, mwandiona bwino? Pakhomo pano ngakhale chigamba sichituluka ulere. Mukuganiza sindidziwa kuti m'kati mwa zinthuzi muli mkuwa?"

"Mkuwa ulimo, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi."

"Fodya musute nokha. Nenani mtengo."

Mwana wanga wamkazi anaitana ali chigonere pabalaza. "Amayi, ingowapatsani."

"Iwe khala chete, sudziwa malonda."

Tinalimbana ola lathunthu. Anatchula mtengo, ndinaimirira kuti ndikaitane wina. Anakweza pang'ono, ndinamuuza kuti ndalama imeneyo akagulire ana ake maswiti. Anagwira ngolo ngati akupita, ine n'kuyamba kusesa ngati ndam'iwala. Anabwerera. Pomaliza anavomera mtengo wanga, pa kilo iliyonse ya mkuwa ndi zitsulo, ndipo tinagwirana chanza.

Analowa ndi nyundo ndi pulayala. Masana onse munali phokoso lokhalokha, kuswa, kung'amba, kusolola. Ine ndinakhala pafupi ndi sikelo, maso gwa. Kawiri konse ndinam'gwira chala chitatsamira pamene sichiyenera kutsamira.

"Chala chimenecho chichoke, apo ayi tichiyeze nachonso."

"Inu mayi, amuna anu anafa ndi chiyani?"

"Ndi mafunso ngati amenewo."

Anandipatsa ndalama zanga zonse, osachotsapo. Ndinamanga pansalu mtima uli mbee. Iye anakweza matumba awiri m'ngolo, n'kuyamba kukankha.

"Imani kaye. Nanga izi?"

"Ziti?"

Ndinaloza m'chipinda. Chinthu chikasweka chimadya malo kuposa chamoyo, zimenezo ndinazidziwa tsiku limenelo. Zigoba zapulasitiki zinali mbwee, mulu kufika pawindo. Magalasi a mawailesi ali balala pansi. Firiji ili chagada, mimba yong'ambika, madzi akuda onunkha akuyenderera kutsata khoma.

"Izo ndi zanu, mayi. Ife tinagwirizana za mkuwa."

"Paja munati munyamula zonse."

"Ndinatero, inu munakana. Mkuwa ndi umene ukanalipira ulendo wa zigobazo. Kumtaya kunadzaza, masiku ano amalipiritsa pageti, ngolo iliyonse. Mukafuna ndinyamule, mundilipire."

Anatchula mtengo. Unali wowirikiza katatu zimene anali atangondipatsa. Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinatukwana, ndinanyengerera, ndinamasula mfundo ya nsalu kuti atenge ndalama zake tibwerere pa mawu oyamba aja. Anangogwedeza mutu.

"Nyama ndadya kale, mayi. Ndani amagula mafupa?"

Ine amene matelala amabisala akandiona, ine amene sindinagonjepo pamsika, ndinaima pakhomo panga ndikuyang'ana ngolo ikukhota pangodya.

Agalimoto yazinyalala atabwera anangosuzumira, nati izi si za m'bini, n'kupitirira. Ndinayesa kutentha chigoba chimodzi kuseri kwa nyumba. Utsi wake wakuda bii, wowawa pakhosi, mwana wanga anasanza mpaka misozi, aneba n'kuyamba kukuwa pampanda. Ndinathira madzi. Ndinatenga chisiponji cha m'firiji kuti mwina chilowe m'mapilo. Chinangofumbutuka m'manja, manjawo n'kuyabwa mpaka madzulo. Moyo wanga wonse sindinaonepo chinthu choti ine n'kulephera kuchipezera ntchito. Chitini chimakhala chotungira, tayala limakhala nsapato, malaya amakhala pilo. Koma izi anazipanga kuti zikafa zisawole, zisapse, zisasanduke kanthu, zingokhala.

Mwana wanga sananene zambiri. Anangoti, "Mukanangowapatsa, amayi," n'kutembenukira kukhoma. Mapazi ake anali atatupa ngati mabuledi.

Bwana Katoni anatulukira Lamulungu masana, atavala nsapato zoyera zoti sindinazionepo. Anadumpha miyendo ya mlongo wake, nati, "Zikuyenda, achemwali?" osadikira yankho. Atafika kumbuyo anaima chilili.

"Ndani wathyola loko wanga?"

"Loko wako pachitseko changa? Ndine."

"Amayi, mwaswa zonse? Firiji ija inali yongofuna mpweya! Makina aja sindinamalize n'kulipira komwe!"

"Ukulipira chinthu chakufa, uku wagula chinzake? Sukulu imene ndinakulipirira ija ankakuphunzitsani zimenezi?"

"Ndi ndalama zanga."

"Ndi chipinda changa. Pita ukapeze galimoto, uchotse zinyalala zakozi lero. Mlongo wako watsala ndi masiku owerengeka."

Anatola chigoba cha ketulo, kuchiyang'ana m'kati mopanda kanthu, kuchiponya pamulu.

"Mkuwa uli kuti?"

"Ndinagulitsa."

"Ndalama zake?"

Ndinamasula mfundo n'kumuonetsa. "Izi. Tenga, uwonjezere, ulipire ngolo."

Anaseka, kuseka kwa bambo ake akafuna kukupweteka.

"Ndiye mwagulitsa katundu wanga ndi mtengo wa sopo, kenako ine ndilipire kutaya zotsala? Zikanakhala zamphumphu ndikanapeza wozitenga. Panopa ndani angazifune?"

"Zaka zitatu sunam'peze."

"Achimwene," anatero mlongo wake ali pamatiresi, mawu ali pansipansi, "chonde. Ine sindikufuna zambiri. Pongoika mwana basi."

Bwana Katoni anayang'ana pansi. Mumtima ndinati mwina amva. Kenako foni inalira m'thumba mwake, yatsopano, yaikulu ngati mbale, anaisuzumira n'kuibweza.

"Pepani achemwali, mwezi uno zandithina. Ndili ndi zolipira zambiri."

"Iwe," ndinatero, "sindikupempha. Unabwereka chipinda chopanda kanthu. Bweza chipinda chopanda kanthu."

Anasansa fumbi pansapato, kudumphanso miyendo ya mlongo wake, n'kuima pakhomo.

"Munathyola nokha, munagulitsa nokha. Ndi zanu tsopano, amayi. Ine sindinyamula ngakhale kachidutswa kamodzi."