Khoma la Njerwa Ziwiri

"Musalembe bodza m'bukumo! Khoma ili sanamange amishoni. Ndinamanga ndine, ndi manja awa!"

"Tamva, Amisiri," anatero azakhali anga, amene ankayang'anira nyumba ya okalamba ija. "Koma bwererani pampando. Mbali ya amayi simulowa, mukudziwa."

"Ndani wati ndikulowa? Ndikuona pulasitala. Wang'aluka."

"Dzulo munati denga likudontha. Dzana munati chitseko chapindika."

Ine ndinali pakhonde, kope lili pamiyendo. Ndinali nditangomaliza sekondale, ndipo abusa a mpingo wathu wa Babatisti anandipatsa ntchito yolemba mbiri ya nyumbayo, poti inkakwanitsa zaka makumi asanu. Ndinavomera mothamanga, ndikulota kuti ndipezamo nkhani yachikondi yoliza anthu. Koma ndinangopezamo maina a madikoni, chaka chimene anakumba chitsime, ndi lamulo loyamba la oyambitsa: abambo mbali yawo, amayi mbali yawo, kukumana ndi pakhonde basi.

Amisiri ndi akazi awo anabwera limodzi kudzakhala m'nyumbayo ana awo onse atamwalira. Masana aliwonse ankakhala pakhondepo n'kumakangana. Kenako mayiwo anagwa kubafa. Tsopano inali sabata yachitatu asakudzuka, ndipo namwino anali atanong'oneza azakhali kuti mwezi uno sautha.

Ndinawatsatira Amisiri kuchipinda kwawo. Bedi anali atalikankhira kukhoma, pilo atamupanikiza pa njerwa.

"Lemba," anatero. "Ndinali ndidakali mnyamata. Mayi wamishoni anati khoma likhale lochindikala, mbali ziwirizi zisamamvane. Ndinayala njerwa ziwiriziwiri. Nditamaliza, mnzanga anapita mbali inayo kukaimba nyimbo ya m'buku mokuwa. Kuno zii! Anandiyamika pamaso pa mpingo wonse. Ndinayenda monyada sabata yathunthu."

"Akazi anu ali kuseri kwake komweku?"

"Bedi lachiwiri kuchokera pawindo. Ndinawerenga mapazi."

Iyi ndiyo nkhani ndinkaifuna ija! "Agogo, nenani mawu achikondi, ndilembe kalata, ndikawawerengere."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Kalata? Munthu amene wakhala akundichapira makabudula zaka zonsezi, iwe ukuti kalata?"

Ndinapitabe kwa mayiwo. Anali ataonda kwambiri, bulangete likuoneka ngati mulibe munthu. Ndinawerama kudikira mawu okoma oti ndikawasunge m'kope.

"Bambo aja akudya?" ananong'ona. "Muziwaona mabatani. Amamanga mosemphanitsa."

Ndinathamangira kwa azakhali, ndinawagwira mkono n'kuwapempha kuti alole Amisiri kulowa mbali ya amayi. Anati lamulolo angalisinthe ndi madikoni okha, ndipo adzakumana mwezi wamawa.

"Mwezi wamawa mudzakhala mukuwauza za maliro!"

"Iwe, ukuganiza kuti ine sindikuona? Ndinawapempha kale. Anati mwiniwake sanadandaule. Nanga wadandaula? Amangonena za pulasitala."

Lachinayi m'mawa abusa anabwera ndi dikoni wamkulu kudzaona pamene ndafika ndi mbiri. Mayiwo anali atakana madzi kuyambira dzulo lake. Tinakhala m'chipinda chodyera pamodzi ndi azakhali. Ndinadumpha chitsime, ndinadumpha madikoni, n'kuwerenga za khoma zokha. Ndinawonjezamo za mitima iwiri yolira ngati nkhunda. Dikoni anayang'ana wotchi.

"Mwanayu ali ndi mphatso," anatero abusa, "koma nkhundazo uchotse. Itanani Amisiri."

Anabwera akukoka phazi, malaya atamanga mosemphanitsa.

"Bambo, pali chimene mukudandaula?"

"Pulasitala, abusa. Mvula ikabwera…"

"Agogo!" Ndinamenya tebulo ndi kope. Azakhali ananditsina, koma sindinamve. "Akufa! Akazi anu akufa, inu muli pa pulasitala! Nenani!"

Kukhitchini wina anasiya kutsuka mbale. Amisiri anagwira msana wa mpando.

"Lamulo ndikulidziwa," anatero. "Ndinalimangira ndine. Ndichita manyazi kuti lithyoledwe chifukwa cha ine."

"Ndiye mukufuna chiyani?" anafunsa dikoni, mawu atatsika.

Amisiri anayang'ana zikhato zawo, zikhato zong'aluka ndi simenti.

"Mkazi uja amatsokomola katatu asanadzuke, kenako amanditukwana kuti ndakoka bulangete. Ndimaika khutu pakhoma, sindimva kanthu. Sindidziwa ngati alipo kapena wapita." Anatembenukira kwa abusa. "Ndibwerekeni chizulo, abusa. Ndiboole pang'ono pokha pafupi ndi mutu wake. Ndizimumva akupuma."