Dinah Analira mu Filimu

Anyamata a filimu atabwera kuchokera ku Lilongwe kudzafuna mkazi wodziwa kulira, Dinah wa ku Yofu, mudzi wa pachilumba chathu chino, sanachite kukakamizidwa. Sewerolo linali la bwana wozunza mkazi wake, ndipo panalibe mawu olemberatu. Aliyense ankalankhula za m'mutu mwake.

Dinah anaonapo mwayi. Amuna ake, a Raymond, anali bwana pa ofesi ina ku Chipyela, munthu waulemu pamsewu, koma chitseko chikatsekedwa ankasanduka chilombo. Dinah anatopa n'kukadandaula kwa nkhoswe yake, amalume ake a Bauleni, amene ankangoti banja ndi kupirira. Nanga akanati chiyani, poti amene anapezera mwana wawo ntchito ndi a Raymond omwewo? Tsono Dinah anatengera pambali Eston, yemwe ankasewera ngati mwamuna wake, n'kumuphunzitsa mawu enieni a kunyumba kwake. Ankaganiza kuti amalume akaona ndi maso awo, amuchotsa m'nyumba imeneyo.

Filimu anaionetsa Loweruka masana mu holo, mawindo atawatchinga ndi zitenje. Dinah anakhala pakati pa amuna ake ndi amalume, mtima uli m'mwamba. Pakanema panatulukira Eston, n'kumugwira Dinah pakhosi.

"Uthawira kuti pachilumba pano? Sitima ikafika ine ndimakhala ndili padoko, ndimaona aliyense wokwera!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Anthu akwathu ndi otero: akaona pakanema munthu yemwe amagula naye usipa, ngakhale akulira chotani, kwa iwo ndi nthabwala. A Bauleni ankapukuta misozi ya kuseka. A Raymond okha ndi amene sanaseke, ndipo Dinah anagwidwa ndi mantha aakulu.

Atatuluka, Dinah anathamangira amalume ake.

"Mphwanga, wasewera iwe!" anatero a Bauleni. "Kulira kuja ngati zenizeni! Koma mwamuna uja ndi nyama. Uzithokoza Mulungu kuti iwe unapeza a Raymond."

"Amalume, chonde, ndikagone kwanu lero."

"Kwanga kukatani? Lero ndi tsiku lako, kasangalale ndi amunako."

A Raymond anali ataima chapafupi, akumwetulira anthu owapatsa moni. A Bauleni anagwira dzanja la Dinah n'kuliika okha m'dzanja la mkamwini wawo.