Mbendera pa Bokosi la Tawananyasha

Ndiye eti aiike mu galasi, mbendera ya Malawi yomwe yafunditsa maliro a Amalawi mu Kambuzuma muno, m'dziko la eni, kuyambira Mayi Augusta ali mtsikana, aiike mu galasi ngati chithunzi cha ukwati — anatero dzulo pa siwa Bambo Hector, wapampando wa sosaite ya maliro, akutsitsa mawu ngati munthu wachifundo, kuti nsalu yatha, kuti ikangogwidwanso ing'ambika, kuti ana a mawa adzaona chiyani. Mayi Augusta anauzira makala mu simbi, poti magetsi anali atathima kale m'mawa momwemo, ndipo mkwiyo unawakwera. Ana a mawa! Nanga wagona m'bokosi kunyumba kwa mwana wawo Lidiya uko si mwana? Si mdzukulu wawo Tawananyasha, amene anagwa pa chitseko cha kombi, minibasi ya kuno, akuitanira anthu opita ku tauni?

Iwo sanabadwe dzulo, ankadziwa chimene Hector anabisa kuseri kwa galasi lakelo. Mwezi watha womwewu, pa maliro a nkhalamba ina yobadwira ku Dedza, mbendera sinali yakutha ayi, Hector anachita kubwera yekha kudzaitenga. Lero yatha chifukwa womwalirayo sanapondeko ku Malawi, dzina lake ndi la Chishona, ndipo moni wa Chichewa ankauyankha ndi kuseka.

Anaiyala pa tebulo, naikapo chitenje pamwamba kuti simbi isaikhudze. Malemu amuna awo, a Lameki, anabwera nayo chaka cha ufulu wa Malawi, ataipinda m'kati mwa jekete pobwerera ku ntchito ya ku mafakitale a ku Willowvale, nthawi imene kuno kunali kukadali m'manja mwa azungu — ndipo kuyambira pamenepo Mmalawi akamwalira inkaphimba bokosi lake mpaka kumanda, n'kuchotsedwa bokosi lisanatsike, n'kubwerera kwa iwo, Augusta, kuti aichape ndi madzi ozizira, aiyanike pa mthunzi, aitchinjirize ku njenjete. Kumudzi atasintha mbendera n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, Hector yemweyu ndiye anathamangira kugula yatsopano yonyezimira ngati pulasitiki. Iwo anakanitsitsa kupereka yakaleyi, ndipo pasanapite nthawi dzuwa lofiira lija linabwerera pamalo pake. Ameneyo lero ndiye aziphunzitsa anthu kusamala!

Akadadziwanso zimene wakhala akuzivulira chipewa zaka zonsezi. Theka la chakuda cha pamwambachi ndi diresi lomwe iwo anavala polira a Lameki. Chobiriwira cha pakonachi, pomwe makoswe anadya, ndi malaya a sukulu a Tawananyasha yemweyo atamuchepa. Mwanayo ali mu mbendera imeneyi kuposa komiti yonse, wasokedwamo ndi singano yawo.

Komabe atachotsa chitenje anaona mizere ya thabwa la tebulo ikuonekera kupyola mu nsalu yofiira ija, ndipo mantha anawagwira, mantha enieni — bwanji ngati Hector akunena zoona, bwanji ikang'ambika pamaso pa anthu, chinthu chokhacho chimene a Lameki anasiya, n'kung'ambika chifukwa cha liuma la nkhalamba imodzi? Ndiponso kodi akulimbira mwanayo, kapena akudzilimbira okha? Pajatu ndi iwo amene, tsiku lomwe anabwera kuchokera ku sukulu akulira kuti anzake akumutcha mubhurandaya, wakwa anthu obwera, anamupukuta misozi n'kumuuza kuti akamatuluka pa geti Chichewa azichisiya pakhomo. Anamvera, mwana wabwino, anachisiya mpaka kuchiiwala. Ndipo zinamuthandiza chiyani? Atakula, popita kukatenga chitupa, anamufunsabe za kwawo kwa agogo ake, n'kumubweza kangapo. Kuno mlendo, kwa Hector mlendo — ndiye kumanda nakonso apite wosafunda? Ayi. Ing'ambike ngati ikufuna, koma ing'ambikire pa iyeyo.

Anaipinda ikadali yofunda, naikulunga, naipana m'khwapa. Panja dzuwa linali litakwera, madzi onunkha a m'mapaipi ophulika akuyenda m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa matimati akuwayang'ana, ndipo iwo anaona ngati aliyense akudziwa chimene anyamula, ngati mawu afika kale kwa Hector. Kombi inadutsa, mnyamata atalendewera pa chitseko akukuwa, ndipo iwo anatembenuzira nkhope kumbali. Sanaime.

Kwa Lidiya basi yopita kumanda inali itafika kale. Amayi a mvano ankaimba nyimbo ya Chichewa, achinyamata akuitsatira mongong'ung'udza, ndipo bokosi linali pabwalo, pa mipando iwiri, lopanda kanthu pamwamba, losalala ngati chitseko chatsopano. Lidiya anaona mtolowo, naika dzanja pakamwa. Nyimbo inayamba kuzilala. Hector anadzuka pakati pa abambo, nakonza jekete, nabwera pang'onopang'ono, monga amachitira anthu amene akufuna kuti onse aone kuleza mtima kwawo.

"Mayi, paja tinagwirizana."

"Munagwirizana nokha, bambo."

Anamasula chitenje osamuyang'ana. Anagwira ngodya ziwiri za mbendera n'kuiponya mofatsa, monga anachitira pa mabokosi a anthu ena onse amene sanali magazi awo, ndipo nsalu inatambasuka, dzuwa lofiira likupita kumutu. Isanagone bwino, dzanja la Hector linagwira ngodya ya tsidya linalo. Sanakoke, sanasiyenso. Mayi Augusta sanathe kudziwa ngati munthuyo akufuna kuichotsa kapena kuiwongola — anangomva nsalu itakungika pakati pa manja awo ndi ake, pamwamba pa chifuwa cha mwanayo, ndipo penapake pansi pa chala chawo chachikulu ulusi umodzi unaduka, kuti pyo.