Maliro a Pakhonde pa Vailet

"Ndifenso ine?" anafunsa Vailet uku akudula ulusi ndi mano. "Sabata yatha ndinafa ndi mkondo. Lero ndifa ndi chiyani?"

"Ndi chisoni, asisi," anayankha Lovemore, maso ali pa foni.

Lovemore ankatsogolera kwaya ya achinyamata ku Chiparamba. Onse m'kwayamo ankakonda sewero lina loimba la pa wailesi, la nthawi ya nkhondo za Angoni. Sewerolo litatha, iwo anakana kuti latha. Anayamba kulemba zigawo zawozawo n'kumatumizirana pa WhatsApp, ndipo tsikulo ankafuna kujambula chimodzi.

"Nkhani zanuzi n'zimodzimodzi," anatero Vailet. "Mtsikana amakhala wamasiye. Amakonda msilikali wa adani, amalume ake n'kukana. Kenako amafa akuimba mavesi onse, osatsokomola n'komwe. Wopita kukatunga madzi palibe."

"Anthu amakonda kulira, asisi. Inu ingogonani."

Vailet anavomera kuti ajambulire pakhonde pake, chifukwa anali ndi mayunifolomu oti amalize kusoka, komanso malungo anali atangomusiya kumene. Anagona pamphasa, atsikana n'kumufunditsa chitenje mpaka kumutu. Nyimbo imene Lovemore anapeka inakana kumveka yachisoni, ndiye anangotenga yeniyeni ya pamaliro. Atsikana anayamba kubuma ngati zoona.

Inali nthawi yopalira. Amene anali m'minda anamva kulirako, anaona kumene kukuchokera, n'kutaya makasu. Aliyense ankadziwa kuti Vailet wakhala akudwala. Posakhalitsa pabwalo panadzaza amayi, ena matope ali m'miyendo.

Lovemore ataona khamulo pa foni yake anasangalala. "Musaleke," ananong'oneza oimba. "Izi sitingazipezenso."

Vailet anamva anthu awiri akukhala pansi cha kumutu kwake. Anawazindikira ndi mawu: apongozi ake a Yosefina, ndi mlamu wake Elizabeth, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Chipata. Anafuna kudzuka kuti awaseke. Koma Elizabeth anali atayamba kale kunong'ona.

"Amama, makina ake osokerawo muwalowetse kwanu abale ake asanafike."

"Ndamva. Nanga mwana?"

"Tiyanjane ndimutenga ine. Azikandilerera khanda ku tauni, wantchito wandithawa."

"Wangoyamba kumene sukulu ameneyo."

"Sukulu ya chiyani? Amake anaphunzira mpaka pati? Ndipo tinalowola ife, mwana ndi wathu."

A Yosefina sanatsutse. Anangomina, n'kuyambanso kulira mokweza.

Vailet anaiwala zowaseka zija. Tiyanjane anali mwana wake mmodzi yekha. Mayunifolomu onse ankasoka aja, ankasokera kuti mwanayo asadzasiye sukulu panjira ngati iye. Anachotsa chitenje kumaso n'kukhala tsonga.

Amayi a kutsogolo anagwera anzawo. Wina anathawa kusiya nsapato. Elizabeth anakwawa chafutambuyo mpaka kugunda khoma, pakamwa pali yasa. A Yosefina anagwira kolona n'kuyamba kupemphera.

"Ndi sewero chabe," Lovemore ankafuula, foni ili m'mwamba. "Amayi, pepani, ndi sewero."

"Sewero la amako," anatero mayi wina wachikulire. "Tasiya minda ife."

Vailet sanayang'ane aliyense koma Elizabeth. "Alamu, wantchito wakuthawani?"

"Ine ndimangoti... mwana asasowe pokhala."

"Ndinamva bwino. Chitenjechi n'chopyapyala."

Petulo, mwamuna wa Vailet, anafika khamu likubalalika. Wina anali atamuimbira ali ku Chipata, kumene ankanyamula anthu pa njinga, ndipo anapalasa njira yonse akulira. Ataona mkazi wake ataima pakhomo, anagwetsa njinga n'kukhala pansi m'fumbi. Anamugwira mwendo ngati akufuna kutsimikiza.

Vailet anamupatsa madzi, n'kudikira kuti apume. Kenako anamufotokozera zonse, amayi ake ndi mlongo wake ali pomwepo.

"A Petulo, ndikufunsani kamodzi. Zikanakhala zoona, Tiyanjane akanapita kuti?"

"Amake mwana, si nkhani yokamba lero imeneyo. Muli moyo."

"N'chifukwa chake ndikufunsa lero."

Petulo anayang'ana amayi ake. Anayang'ana Elizabeth. Anakanda m'mutu, n'kunena chapansipansi kuti zinthu zotere amakonza ndi akuluakulu.

Vailet anagwedeza mutu. Sanakalipe. Analowa m'nyumba, namasula makina pa thebulo lake, kuwakulunga m'bulangete n'kuwasenza. Anaitana Tiyanjane amene ankangoweruka kumene, chikwama chili kumsana.

"Mukupita kuti?" anafunsa Petulo.

"Kwa achemwali anga a Memory. Kuyambira lero ndizisokera kumeneko, ndipo mwanayu aziweruka kumeneko. Madzulo tizibwera. Ukwati sindinathetse."

"Anthu aziti chiyani?"

"Aziti ndinafa kamodzi, ndinaona."

Lovemore anawathamangira pa njira, manyazi ali m'maso. "Asisi, nanga chigawo chomaliza? Mtsikana uja amayenera kuikidwa m'manda."

"Mulembe kuti anadzuka," anatero Vailet osatembenuka. "Anali ndi mwana."