Thonje la M'denga

"Ungolemba deti lakumbuyo, bambo ako asanagonekedwe m'chipatala," anatero bambo aang'ono, akukankha pepala patebulo. "Zilembo zako n'zofanana ndi zake. Palibe angazindikire."

Panali patadutsa masiku asanu chiikire maliro. Tebulolo linali lojambulirapo mapulani la malemu, ndipo kapu yawo inali ikadali pakona, ikutsindira pulani kuti isapindike.

Injiniya sanakhudze cholembera. Dzinali anamupatsa ndi bambo aang'ono omwewo atasiya koleji m'chaka chachitatu, ndipo linamukakamira ngati chitedze. Anawerenga pepalalo kawiri. Linkatsimikiza kuti nyumba ya masitolo ndi maofesi imene kampani ya bambo ake inkamanga yatsata malamulo atsopano osunga magetsi, ndiponso kuti thonje lotchinga kutentha layalidwa m'denga monse. Woyendera nyumba ankabwera Lachisanu. Popanda siginecha ndi chidindo cha malemu, chilolezo chotsegulira sichikanatuluka.

"Thonjelo linayalidwa lonse?" anafunsa.

"Linayalidwa lokwanira."

"Lonse, kapena lokwanira?"

Bambo aang'ono anatembenukira kwa mayi ake a Injiniya, amene ankapinda maovolosi a malemu pampando.

"Tamumvani, alamu. Sukulu anaithawa, koma mafunso ngati mphunzitsi."

"Sanaithawe," anatero mayi osadzutsa mutu. "Ankasambitsa akulu anu pamene inu munali kumisonkhano."

"Chabwino, zikomo kwambiri a namwino. Koma tamverani. Siling'i tinatseka kale, tinapenta. Woyendera uja ndi munthu wa tayi, m'denga sakwera. Mwini nyumba akufuna kutsegula Lolemba, ndipo tikamuchedwetsa, ntchito yomanga nyumba yake yachiwiri apatsa ena. Anthu khumi ndi anayi amadya pa kampaniyi. Malamulo abwera dzulodzuloliwa atiphetse ndi njala? Nyumba zonse tinamanga kale zopanda thonje zija, yagwa ndi iti? Kukatentha ayatsa makina oziziritsa."

"Makinawo azilira tsiku lonse," anatero Injiniya, "ochita lendi azilipira magetsi osadziwa chifukwa chake. Ndi zimene lamulolo likuletsa."

"Zikadzaululika, siginecha ndi yake. Wakufa sapita kukhoti."

Injiniya anawayang'ana bambo aang'onowo. Munthuyu pamaliro analira mpaka kumugwirira anthu awiri. Pamanda analankhula kuti mkulu wake sanabepo ngakhale msomali. Lero maluwa asanafote n'komwe, akufuna kumudzutsa kumanda kuti adzamunamire bodza limodzi.

"Chidindo chili kuti, alamu?"

"Chili pomwe chili," anayankha mayi. "Mwanayu akaone kaye ndi maso ake."

Masana omwewo Injiniya anafika panyumbayo. Kunja inkawala, magalasi atapukutidwa kale. Pansanjika yomaliza anapeza kalipentala wachikulire, amene anagwira ntchito ndi bambo ake iye asanabadwe, akumanga zogwirira zitseko.

"Mwabwera kudzaona kapena kudzasaina, bwana wamng'ono?"

"Kudzaona, madala."

"Ndiye vulani jekete. Kumwambako ndi kwa Satana."

Anaimika makwerero pakabowo ka siling'i, nakwera wina pambuyo pa mnzake. Mpweya wotentha unamumenya Injiniya kumaso ngati watsegula uvuni. Kalipentala anayatsa tochi. Mbali yakum'mawa thonje lachikasu linali litayalidwa bwinobwino pakati pa matabwa, lopanda mpata ngakhale wolowa chala. Kupitirira pakati panalibe kanthu, mabolodi okhaokha ndi fumbi. Mipukutu yotsala inali itaunjikidwa pakona, ikadali m'mapulasitiki.

"Bambo anu atagonekedwa, aang'onowo anati tsekani," anatero kalipentala. "Ndinati nanga thonje? Anati, kodi iwe ndiwe kalipentala kapena loya?"

Anaunika pamtanda wina. Panali kachizindikiro ka pensulo ndi deti. Pamtanda wotsatira, chimodzimodzi.

"Mzere uliwonse tikayala, ankakwera okha kudzaona, miyendo itatupa choncho. Akakhutira, ankachonga. Asanachonge, sitinkapitirira."

Injiniya anakwawa akutsatira zizindikirozo. Madeti ankatalikirana, zilembo zikunjenjemera. Pamtanda wachisanu ndi chinayi zinathera. Deti lake analidziwa. Linali tsiku limene bambo ake anabwera kunyumba malaya atanyowa ndi thukuta, nanama kuti anangokhala m'galimoto.

Pansi panamveka nsapato, kenako mawu a bambo aang'ono pakabowo.

"A Injiniya, mwamaliza kafukufuku wanu? Pepala ndabwera nalo."

"Kwerani mudzaone."

"Ndi suti iyi?"

"Ndiye imvani muli pomwepo. Sindisaina. Iwo anachonga mizere isanu ndi inayi, ine sindingawachongere yotsalayo ali m'manda. Tiyala thonje lonse, ndipo mupeze katswiri wamoyo adzakwere, aone, asaine dzina lake."

"Zimenezo ndi masabata awiri. Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Mukasaina nokha, Lachisanu woyenderayo ndidzamugwirira makwerero ndine."



"Mtima wa bambo ako womwewo. Uuma mutu wopanda satifiketi. Nyumba yachiwiri ikapita, anthuwa udzawauze ndiwe, ine ndasamba m'manja."

Nsapato zija zinatsika masitepe, chitseko cha galimoto chinamenyedwa. Injiniya anakhala pathabwa. Anthu khumi ndi anayi aja ankawadziwa onse, ndi ana awo omwe.

"Madala, mwina ndakutayitsani ntchito."

"Mwina," anatero kalipentala, akung'amba pulasitiki ya mpukutu woyamba. "Gwirani uko."

Anayala mzere wakhumi mpaka kumapeto, kumene malata amatsika n'kukumana ndi khoma. Kumeneko mpata unachepa, dzanja silinkafika. Injiniya anayesa kawiri, nasiya kampata kosakwana chikhatho.

"Pamenepo ngakhale wokwera sangaonepo," anatero.

Kalipentala anapisa dzanja kuseri kwa mtanda, natulutsa kathabwa kaphanthiphanthi, kotalika ngati mkono, kamene kanali kokolekedwa pamsomali. Kumapeto kanali kosemedwa mosalala kuti kasang'ambe thonje. Chogwirira chake chinali chitada ndi thukuta.

"Bambo anu anasema okha," anatero. "Ka m'makona."

Injiniya anakalandira. Anagona chafufumimba pamatabwa otenthawo, natambasula mkono, nayamba kukankhira thonje pang'onopang'ono mpaka linagunda khoma.