Musandimalizire Mawu

Mzime anali ndi chibwibwi, ndipo kwawo kunalibe munthu wodikira kuti amalize kulankhula. Sikuti ankamuda ayi. Ankamukonda mpaka kumulanda pakamwa. Akangoyamba kuti "Ndi-ndi-ndikufuna," amake amakhala atadziwa kale chimene akufuna, atagula, atamupatsa m'manja. Mlendo akamufunsa dzina, oyankha anali achemwali ake. Motero mtsikanayu anakula ndi mawu oduka michira, ndipo michira imene anthu ankamulumikizira nthawi zambiri sinali yake.

Amake anali ndi saluni, kachipinda kamodzi koyang'anana ndi sitolo ya zitsulo. Munali galasi lalikulu long'aluka pakona, mipando ya pulasitiki, mawigi opachika pamisomali, ndi chowumitsira tsitsi chimene chinkalira ngati chili ndi chifuwa. Mayiwa poluka ankaluma chipeso, ndipo ndi nthawi yokhayo imene dziko linkapuma. Koma nkhani ikangokoma, chipeso chinkatuluka m'kamwa msangamsanga. Mutu wa Mzime ndiwo unali chikwangwani cha ntchito yawo. Loweruka lililonse ankaumasula n'kuulukanso malukidwe omwewo, timizere tothina tochokera pachipumi kukathera kunkhongo.

"Mwanayu amakonda zomwezi," ankawauza makasitomala. "Ngakhale mumufunse."

Panalibe amene ankamufunsa.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya Mzime inali pepala, chifukwa pepala silidula munthu mawu. Atalemba mayeso omaliza a ku pulayimale anakhoza mwakuti masukulu awiri a sekondale anamuitana, ndipo nkhani yonse inayambira pamenepo.

Ina inali kumtunda, kumene basi imathera, ndipo anthu ankaitcha Chigayo. Inali yogonera komweko. Ana onse, anyamata ndi atsikana omwe, ankameta mpala. Otuluka kumeneko ambiri ankalowa kukoleji, koma wotsalira m'mbuyo ankamubweza kwawo ndi chikwama chake popanda kumupepesa. Inayo inali pafupi, kuseri kwa positi ofesi, ndipo ankaitcha Pakhonde, poti aliyense ankafikapo n'kupeza pokhala. Kunali kwaya, mpira, zisudzo, ana oyenda atakolowekana mikono. Ofika kukoleji anali owerengeka, komabe kunalibe mwana wobwerako akulira.

Amake Mzime anali atasankha kale, ndipo chifukwa anali nacho. Mwana wawo wachisamba, achemwali a Mzime aja, anapitako ku Chigayo ali wonenepa ndi wolongolola. Anabwerako asanamalize, ataonda, mawu atamuthera. Tsopano ankatsuka mitu ya makasitomala ndi kuchapa matawulo, ndipo za sukuluyo m'nyumbamo sizinkatchulidwa.

Anayamba kukaona Pakhonde. Kunena zoona, Mzime anapakonda. Ahedi anawalandira ndi manja awiri, ana anawaimbira m'manja, mtsikana wina anamugwira dzanja n'kumuonetsa kalasi ndi mtengo umene amakhala pansi pake nthawi yopuma. Aka kanali koyamba kuti munthu wamsinkhu wake amugwire dzanja asanamve mmene amalankhulira, ndipo mtima wake unafewa.

Kenaka analowa muofesi.

"Mayi, musadandaule," anatero ahedi. "Aphunzitsi onse ndawauza kale. Mwanayu sadzaimitsidwa m'kalasi, sadzawerenga mokweza, sadzafunsidwa funso. Timusunga ngati dzira."

Amake anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Mzime ankafuna kufunsa ngati pasukulupo pali chipinda chochitira sayansi.

"Ko-ko-kodi..."

"Chimbudzi chili kuseri uko, mwanawe," anatero ahedi mokoma mtima, n'kumulozera ndi dzanja.

Anapita. Anatseka chitseko n'kungoima m'menemo, chimbudzi chisakumupweteka, atadzazidwa ndi mkwiyo. Choipa chake n'chakuti munthu wokoma mtima sungamukalipire. Umangotuluka n'kukamuthokoza, ndipo ndi zimene anachita.

Ku Chigayo amake anapita kuti angochotsa mlandu. "Mawa usadzanene kuti ndinakukaniza kukaona," anatero m'basi. Kumeneko kunalibe wowaimbira m'manja. Mlonda anangowalozera njira ndi chibwano. Ana oitanidwa anawalowetsa m'kalasi kuti alawe phunziro limodzi, makolo n'kutsala pakhonde akusuzumira m'mawindo.

Wophunzitsa anali mayi wamfupi wa magalasi, amene ana ankawatcha Mayi Chisanu poti mano awo anali asanaonekepo. Analemba samu pabolodi, anatembenuka, chala chawo n'kugwera pa Mzime.

"Iwe wa timizere. Imirira. Tiuze njira yake."

Mzime anaimirira. Yankho linali m'mutu, loyera bwino, koma litafika pakhosi linakakamira. Nsagwada zinauma. Lilime linagunda mano n'kubwerera. Mtsikana amene anakhala naye desiki imodzi anamva chisoni, nayamba kumunenera chapansipansi.

"Ndafunsa iwe?" anatero Mayi Chisanu. "Muno aliyense amasenza yankho lake. Ukabwerezanso ukaima panja."

Atatero anatsamira tebulo, napinda manja, nadikira. Sanamwetulire, sanagwedeze mutu momulimbikitsa, sanayang'ane wotchi. Anangodikira ngati munthu amene wabwereketsa chinthu ndipo sachoka osachilandira.  Pawindo, Mzime ankaona amake akupotokola chikwama. Thukuta linatsika m'timizere tija. Kenaka mawu anatuluka, limodzi, lina, ena akugwa n'kudzukanso, mpaka anafika kumapeto.

"Walakwitsa," anatero Mayi Chisanu. "Wagawa usanachotsere. Yambiranso."

Poyamba anamva manyazi, oti akanatha kulowa pansi. Kenaka mkwiyo. Koma pansi pa mkwiyowo panali chinthu china chimene anali asanachimvepo. Kuti apeze pamene walakwitsa, mayiwa anayenera kumumva kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chibadwire, panalibe amene anamuuzapo kuti walakwitsa polankhula, chifukwa panalibe amene anafika naye kumapeto. Anayambiranso. Ulendo uno anachotsera kaye.

"Khala pansi," anatero Mayi Chisanu, chala chawo chili kale pa mwana wina.

Pobwerera basi yonse inamva mlanduwo. "Mfiti ya mkazi," ankatero amake. "Kumuimika mwana ngati wakuba, anthu onse akuonerera. Ngakhale kungoti wayesetsa, ayi. Kumeneko mwana wanga sapondakonso. Eti Mzime?" Mzime anatsegula pakamwa. "Mwamva, nayenso akukana," anatero amake kwa mayi amene anakhala pambali pawo.

M'mawa mwake Mzime ankathandiza achemwali ake kutsukuluza matawulo pampopi wa kuseri kwa saluni. Achemwaliwo anamuyang'ana n'kuyamba kulankhula.

"Ndakuona nkhope. Ukuganiza kuti chinali chifundo chimene chija? Mphunzitsi amene uja alibe mtima. Ine anandiimika mpaka ndinalira, ndipo nditayamba kulira anadikira kuti ndimalize, n'kundifunsanso funso lomwelo. Kumene kuja palibe adzakufunsa ngati wadya. Mnzako wa bedi loyandikana nalo amasangalala ukadwala nthawi ya mayeso."

"Ndi-ndikudziwa, achemwali."

"Sukudziwa kanthu. Walira mvula walira matope."

Mzime anafinya tawulo mpaka zala zinayera. Mantha anali nawo ndithu. Ankaona nkhope ya achemwali akewo n'kumadziona yekha akutsika basi ndi chikwama, anthu a m'sitolo ya zitsulo akunong'onezana. Ankakumbukiranso dzanja la mtsikana wa Pakhonde uja, lofunda. Koma akangokumbukira zosungidwa ngati dzira, mantha ankachepa, mkwiyo n'kukula. Dzira lilibe pakamwa, ndipo iye anatopa kukhala dzira.

Loweruka linafika, saluni itadzaza. Kasitomala wina mutu wake unali m'chowumitsira, mayi wina wachikulire ankadikira pabenchi, achemwali ankatsuka mutu wa wina pabeseni. Mzime anali pampando, amake akumumasula tsitsi. Chipeso chinatuluka m'kamwa.

"Lolemba tikukayesa yunifolomu," analengeza. "Wasankha yekha, ine sindinamuumirize. Auze, Mzime."

"Nda-nda-ndasankha..."

"Pakhonde. Mwamva nokha."

Mzime anaimirira, mutu mbali ina womasula, mbali ina woluka. Anayenda mpaka pakhoma n'kuzula pulagi ya chowumitsira. Chifuwa chija chinatsokomola kamodzi n'kuleka. Mwini mutu anasuzumira kunja ngati kamba.

"Mu-mu-mu..."

"Mutu ukupweteka?" anafunsa amake.

Mzime anakweza dzanja, chikhatho chitaloza amake, zimene mwana woleredwa bwino sachita. Dzanjalo sanalitsitse.

"Musandi... malizire. Amayi. Ndi-ndikupita ku Chigayo."

"Iwe, wapenga? Suja mphunzitsi uja anakuchititsa manyazi ine ndikuona? Akakugaya ngati mmene anamugayira mkulu wakoyu."

"Mwina. Ko-koma akayamba a-andimva kaye."

"Kodi ife sitikumva? Ine ndimadziwa chimene ukufuna usananene n'komwe. Ndi mayi uti amene angaime n'kumaonerera mwana wake akuvutika ndi mawu ngati wameza fupa?"

Apa ankanena zoona. Nthawi zonse Mzime akakakamira, amake ankamva kupweteka ngati pakhosi pali pawo, ndipo ankathamangira kumuchotsa fupalo. Mzime ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anakhala chete zaka zonsezi. Koma lero anali atazula kale pulagi.

"Msiyeni, anzanga," anatero mayi wachikulire wa pabenchi uja. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemereni, imufotere m'manja."

"Inu musalowerere," anatero amake, n'kutembenukiranso kwa Mzime. Anali atasunga mfundo imodzi imene ankaganiza kuti ithetsa zonse. "Ndipo ukudziwa kuti kumeneko amameta? Tsitsi limeneli ndalisamala chibadwire chako. Malukidwe amene umawakondawa, uwasiya?"

"Si-si-si..."

"Sukufuna kumeta, ndikudziwa. Ndiye basi, khala pansi ndimalize..."

"Amayi." Anali achemwali, manja ali thovu lokhalokha. Sanakweze mawu. "Msiyeni amalize."

Amake anawayang'ana ana awo awiriwo, wina kenaka wina. Pamilomo ya mayiwo mawu anali pamzere kufuna kutuluka, ndipo ankadziwa okha kuti sangathe kuwabweza. Ndiye anatenga chipeso chija, nachiika m'kamwa, nachiluma.

Kudikirako kunali kwakutali. Kunja, wa sitolo ya zitsulo ankatsitsa malata. Madzi ankadontha pabeseni. Mzime anatseka maso, khosi likukoka, phazi likugunda pansi. Kasitomala wa chowumitsira anayang'ana kumbali chifukwa cha chisoni. Amake sanayang'ane kumbali. Misozi inatsika n'kudutsa m'mbali mwa chipeso, koma mano sanachisiye.

"Sindinawakondepo," anatero Mzime. "A-amathina. Tsiku loyamba sindigona nawo. Loweruka lililonse ndi-ndimayamba kukuuzani."

 Amake anamugwira mapewa n'kumukhazika pampando pang'onopang'ono. Anamuweramitsa mutu, nayendetsa chala m'mphepete mwa tsitsi, pachipumi ndi kuseri kwa makutu. Timatuza tinali pomwepo. Ankatidziwa bwino timatuzato. Zaka zonsezi ankatipaka mafuta, n'kumauza makasitomala kuti mwanayu khungu lake siligwirizana ndi kutentha.

Anayang'ana mutu wa mwana wawo m'galasi long'aluka lija. Kenaka anatsegula dirowa, natulutsa sizasi, nachotsa chipeso m'kamwa.

"Ukakalira kumeneko usadzati sindinanene," anatero, mawu atasasa. "Ndipo mutu uwu sakaumeta munthu wina. Ndidule mpaka pati?"

Atafunsa anabwezera chipeso m'kamwa, nadikira.