Mbuzi Zitayamba Kupoloza

"Gwirani nyanga, mayi, isadzambatuke," anatero a Maliko, alangizi a ziweto ochokera ku Mitundu, akulasa singano pakhosi pa mbuzi yathu. Magazi anadzaza kabotolo. Panja pa khola panali timichira ndi timiyendo ta ana a mbuzi opolozedwa, tomwe agalu anafukula.

Chaka chimenecho mvula inachita kukhuthuka. Dambo la kumunsi kwathu linasanduka thamanda, ndipo udzudzu unkaluma ngakhale dzuwa lili paliwombo. Kenako mbuzi zabere zinayamba kupoloza, khola ndi khola.

"Anazikwirira ndani mbuzi zopolozedwazi?" anafunsa a Maliko.

"Amuna anga. Zina anachita kuzisolola m'mimba, ndi manja."

"Opanda magolovesi? Ali kuti panopa?"

"Agona m'nyumbamu. Thupi latentha, koma ndi malungo chabe."

A Maliko anasiya kutseka bokosi lawo lozizira. "Apite kuchipatala lero lomwe. Mukanene za mbuzizi."

Tinakwera kabaza mpaka ku Nathenje, ine nditawagwira kumbuyo kuti asagwe. Adokotala anawabaya chala, nadikira, kenako napukusa mutu.

"Malungo palibe."

"Nanga n'chiyani? Mutu ukung'ambika," anadandaula amuna anga, bambo a Tikondane, ataphimba maso ndi chipewa poopa kuwala.

Nditafotokoza za kukhola, adokotala anavala magolovesi ena pamwamba pa oyamba aja. Anatenga magazi pamkono, nati apita kulabotale yaikulu, chifukwa kachirombo kamene ankakaganizira sakanatha kukaona pamenepo. Mankhwala ake enieni kulibe, anatero. Tingoziziritsa thupi n'kudikira.

Tinadikiradi. Boma linaletsa kupha ndi kugulitsa ziweto m'dera lathu. Anabwera anthu otchera misampha ya udzudzu m'dambo, ena akulemba nyumba zomwe munali odwala. Anansi anasiya kudzapala moto kwathu. Mlamu wanga Yohane, yemwe anasenda nawo mbuzi yakufa, tinamuika m'manda yankho lisanabwere.

Amuna anga anadzuka. Anayamba kudya, n'kumafunsa za fodya wawo m'chigafa. Ndinayamika Mulungu mokweza, mpaka tsiku lomwe ndinawapatsa kapu ya thobwa iwo n'kugwira m'malere.

"Felesiya, pakati pa diso pali chimtambo. Ndikuona m'mbali mokha."

Foni inalira sabata yomweyo. Anali adokotala aja: magazi a munthu ndi a mbuzi anasonyeza chimodzi, matenda a Rift Valley, omwe amafala ndi udzudzu komanso pogwira ziweto zodwala. Ndinafunsa ngati maso adzabwerera. Anati tipite kwa adokotala a maso ku Lilongwe. Tinapita. Anaunika, natiuza kuti chilonda chapola, koma chasiya chipsera.

Masiku ano amakhala pakhonde, akusoka fodya mofufuza ndi zala. Ndikabwera kuchokera kudimba amamva mapazi anga, n'kusiya singano. Kenako amatembenuzira nkhope kukhoma, ngati munthu amene ndamulakwira, kuti andione bwino.